Tikupita ku Beira ndi apongozi ndi ana: timvetsere chiyani m'galimoto?

Funsoli lachokera kwa bambo wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Iwo akuti: "Mu Disembala tikupita ku Beira ku ukwati wa mlamu wanga, ndipo ndiyendetsa ndekha. M'galimotomo mukhala ine, mayi a kunyumba, apongozi anga aakazi ndi ana awiri, wa zaka 14 ndi wa zaka 8. Wailesi imayamba kuphwephwera tikangotsika mapiri athu, ndipo nyimbo za pa fulashi anthu atopa nazo. Mwana wamkuluyo akuti tiike mapodikasiti. Ndisankhe otani, nanga ndiwapeza kuti, poti apongozi Chipwitikizi amangochimva patalipatali?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa Disembala asanafike, chifukwa ntchito yaikulu pa nkhaniyi imagwiridwa pakhomo, galimoto isanalizidwe. Ndagwira ntchito yokonza mapulogalamu a pa wailesi kwa zaka zambiri, ndipo msewu mukunenawu ndaudutsa kambirimbiri, pa chapa (minibasi) ndi pa galimoto yaing'ono. Musayambe ndi kufunsa kuti podikasiti yabwino ndi iti. Yambani mwayang'ana anthu amene akwere, kenako msewu umene muyende. M'galimotomo muli anthu asanu, zinenero zimene amamva n'zosiyana, misinkhu yawo ndi yotalikirana, ndipo chimene chikulira pa sipika chikulowa m'makutu a aliyense. Pakhomo munthu chikamunyansa amatuluka panja. M'galimoto alibe kothawira.

Apongozi akafunsa kuti chinthucho n'chiyani, auzeni kuti ndi pulogalamu ya pa wailesi yosungidwa, imene munthu amaitenga pa intaneti n'kuimvetsera nthawi imene wafuna, kuiimitsa, n'kuibwezanso m'mbuyo. Dzinali linayamba kumveka mu 2004, kuchokera ku kachipangizo koimbira nyimbo kotchedwa iPod, koma lero foni wamba ya Android ikukwanira.

Tiwerenge msewu kaye. Kuchoka ku Ulónguè mutsika ndi N304 mpaka pa mphambano ya Mussacama, n'kulowa N7 kudzera ku Moatize mpaka mu mzinda wa Tete, makilomita oposa 200. Kuchoka ku Tete mudzera ku Changara, kuwoloka mtsinje wa Luenha n'kulowa m'chigawo cha Manica, kenako Guro, Catandica, Vanduzi mpaka Chimoio, makilomita pafupifupi 400. Otsala ndi pafupifupi 200 a msewu wa N6, kudzera pa Inchope, Nhamatanda ndi Dondo. Zonse pamodzi zikupitirira makilomita 800, ndipo ndi kuima kwa chakudya, mafuta, apolisi ndi ana, maola 13 sakusowa. Woyendetsa ali mmodzi, mvula ili m'mwamba, ine ndinganene kuti mugone ku Chimoio. Ndiponso musaganize zodzaza maola onsewo ndi mawu. Maola asanu kapena asanu ndi limodzi a zomvetsera ndi okwanira ulendo wopita. Otsalawo ndi a nyimbo, macheza, tulo ta okwera, ndi chete.

Munthu woyamba kumuganizira ndi inuyo, chifukwa miyoyo isanu ili pa chiwongolero chanu. Pali mapodikasiti okoma kwambiri amene sayenera woyendetsa. Oyamba ndi a munthu mmodzi wolankhula motsitsa, mawu osakwera osatsika, ngati akuwerenga kalata. Masana mutadya nsima, dzuwa la pakati pa Tete ndi Guro likuswa mtengo, msewu uli tayale pakati pa milambe, mawu otere amagoneka. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Maso akatsinzina masekondi atatu okha, mwayenda mamita oposa 60 popanda woyendetsa, pa msewu umene mathiraki a ku doko la Beira sadukiza ndipo mbuzi zimawoloka mosapempha. Achiwiri ndi amene amafuna kuti muziwerengera manambala m'mutu kapena kujambula mapu m'maganizo. Maso amakhala pa msewu koma mutu uli kwina. Achitatu ndi okwiyitsa, a ndale zokalipirana, amene amachititsa phazi kulemera pa moto munthu osazindikira.

Oyenera woyendetsa ndi a anthu awiri kapena atatu ocheza mosinthana mawu, kapena sewero, kapena nkhani yaifupi ya mphindi 10 mpaka 20 imene ili ndi poyambira ndi pothera. Kutha kwa chigawo chilichonse kumakupatsani mpata wodzifunsa ngati mukadali bwino. Ndipo ndinene mosabisa: podikasiti si mankhwala a tulo. Mukayamba kuyasamula kapena kuiwala makilomita amene mwangodutsa, imani pamthunzi, mugone mphindi 20. Imani maola awiri aliwonse ngakhale musanatope. Foni ikhale m'manja mwa mayi kapena mwa mwana wamkuluyo, osati mwanu, ndipo mahedifoni asafike m'makutu mwanu.

Tsopano za apongozi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mapodikasiti sali ngati wailesi ya boma, kumene pulogalamu imadutsa mwa mkonzi isanaulutsidwe. Aliyense amajambula zimene wafuna. Macheza amatha kuyamba ndi za malonda, pofika pakati n'kutembenukira ku za kuchipinda, kutchula ziwalo ndi maina ake. Zinandichitikirapo nditanyamula bambo wachikulire wa kumudzi kwathu pamodzi ndi mpongozi wawo. Ndinaika pulogalamu ya zaumoyo imene sindinaimvetsere, ndipo patapita mphindi zochepa inafika pa nkhani zimene awiriwo sakanayenera kumvera limodzi. Ndinazimitsa, koma manyazi anali atalowa kale. Tinayenda mtunda wautali wopanda wolankhula, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndinawaika m'malo otere. Uthengawo unali wothandiza, koma malo ake sanali amenewo. Choncho chilichonse chimene chilire m'galimoto yanu chidutse kaye m'makutu mwanu kapena mwa mayi. Simuyenera kumvetsera chonse: mvetserani mphindi zisanu zoyamba, lumphani pakati, lumphaninso chakumapeto. Pa mapulogalamu ena a pa foni mumaoneka kachilembo ka E pambali pa mutu, kutanthauza kuti muli mawu olaula kapena nkhani za akulu okha. Koma kusowa kwa kachilemboko si umboni woti zonse zili bwino, poti amene amakaika ndi mwini podikasiti yemweyo.

Nanga za m'chinenero chathu zili kuti? Mapodikasiti enieni a Chichewa ndi ochepa poyerekeza ndi a Chipwitikizi ndi Chingerezi, koma mawu ojambulidwa a Chichewa alipo ambiri, angobalalika. Mawailesi a ku Malawi, monga Zodiak, Times ndi MBC, amaika mapulogalamu awo ambiri pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo ife a ku Angónia Chichewa chawo ndi chathu chomwe. Vuto lake n'lakuti zambiri zili ngati kanema, ndipo kanema amadya mamega kuwirikiza kangapo kuposa mawu okha. Ngati banja lanu ndi lachikhristu, Baibulo lowerengedwa m'Chichewa limapezeka pa mapulogalamu monga Bible.is, ndipo mungalitsitse n'kumamvetsera popanda netiweki. Uthenga wa Marko wonse umatha pa ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Mukapeza ndi Chipangano Chakale chomwe, tengani buku la Rute: mitu inayi yokha, nkhani ya mkazi ndi apongozi ake pa ulendo, yothera pa ukwati. Sindikuona nkhani ina yoyenera galimoto yanuyi kuposa imeneyo.

Musaiwale wailesi yeniyeni. Nthambi ya ku Tete ya Rádio Moçambique imaulutsa m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena kuwonjezera pa Chipwitikizi, ndipo kumene ikugwira bwino, itseguleni. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi wailesi ya FM yokhala ndi batani lojambulira. Kuyambira sabata ino, pulogalamu imene apongozi amaikonda ikamaulutsidwa, kaya ndi ya ulimi, ya mauthenga kapena sewero, muuzeni mwana aijambule. Pofika Disembala mukhala ndi maola angapo a zinthu zimene mukudziwa kale kuti amazikonda, osawononga mega ngakhale imodzi.

Za Chipwitikizi n'zosavuta kupeza. DW, wailesi ya ku Germany, ili ndi gawo la Chipwitikizi la Africa limene limatulutsa nkhani m'mawa ndi madzulo, pafupifupi mphindi 20, ndipo Mozambique amatchulidwa kawirikawiri. RFI ya ku France nayo ili ndi nkhani za Chipwitikizi. Koma nkhani zili ngati mandasi, zimakoma tsiku lomwelo. Tsitsani imodzi yokha usiku woti mawa mukunyamuka. Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi masewero a DW omwewo, otchedwa Aprender de Ouvido, amene anayamba mu 2008. Zigawo zake ndi zazifupi, pafupifupi mphindi 10 chilichonse, nkhani zake ndi za moyo wa kuno ku Africa, ndipo Chipwitikizi chake ana a sukulu amachitsata bwino. Sankhani sewero limodzi, mutsitse zigawo zake zonse motsatana. Ena mwa masewerowa amakamba nkhani zolemera monga nkhanza ndi matenda, ndiye lamulo la kumvetsera kaye ligwirenso pano. Mapodikasiti a ku Brazil ndi ochuluka zedi ndipo mwana wanu wamkulu mwina ndi amene akuwaganiza, koma ambiri ndi macheza a maola awiri kapena atatu, olankhula mothamanga, odzaza mawu a m'misewu ya kwawo. Amenewo amvetsere yekha pa mahedifoni pamene ena akugona, mutaona kaye kuti ndi otani.

Kuti apongozi asatsale kunja pamene Chipwitikizi chikulira, chitani ichi: chigawo chikatha, imitsani, ana awafotokozere agogo awo m'Chichewa zimene zachitika. Wamng'ono ayambe, wamkulu akonze zimene zasiyidwa. Mudzaona agogo akuyamba kuweruza anthu a m'seweromo, kuti uyu alibe mwambo, uyo akanafunsa kwa malume ake, ndipo mphindi 10 zomvetsera zidzabala theka la ola la macheza. Anawo nawo amakhala akuphunzira kunyamula nkhani kuchoka m'chinenero china kupita m'china, luso limene ambiri amene tinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi timalipeza mochedwa.

Za Chingerezi zikhale zochepa, poti omva ndi mmodzi kapena awiri. Witness History ya BBC imatenga chochitika chimodzi cha m'mbiri n'kuchifotokoza kudzera mwa munthu amene analipo, mphindi pafupifupi 10. Kwa mwana amene akuphunzira Chingerezi kusekondale, 6 Minute English ya BBC yomweyo ndi yabwino. Ziwiri kapena zitatu zakwana.

Koma chimene ndikufuna mutenge pa zonse ndanenazi ndi ichi. Podikasiti imene idzagwire mitima ya anthu onse asanu simudzaipeza pa intaneti. Ili m'mudzi mwanu, ndipo mungaijambule ndi foni yomweyo. Pali akuluakulu amene sapita nawo ku ukwatiwu chifukwa cha ukalamba kapena ndalama: agogo aamuna, azakhali, ankhoswe akale. Pitani kwa awiri kapena atatu, muwapemphe chilolezo, muwauze kuti mawu awo akamveka m'galimoto ndiponso kwa akwati ngati alola. Afunseni momwe anapezerana ndi akunyumba kwawo, momwe chinkhoswe chinkayendera kale, ulendo wawo woyamba wa ku Tete kapena ku migodi. Ambiri a msinkhu umenewo anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kubwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ana anu zimenezi amangozimva m'buku la sukulu. Musawakakamize okalambawo kunena zimene sakufuna. Funsani funso limodzi, mukhale chete, adzapita okha kumene mtima wawo walola. Wina mumupemphe nthano yeniyeni, ya "Padangokhala", ndipo mudzamva galimoto yonse ikuyankha "Tili tonse" pakati pa Changara ndi Guro.

Kajambulidwe kake n'kosavuta. Khalani m'nyumba, chitseko chotseka, wailesi yozima. Foni ikhale patebulo kapena pa mpando, pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pakamwa pa wolankhula, osaigwiragwira. Pewani nthawi ya mvula ngati nyumbayo ndi ya malata, chifukwa phokoso lake limameza mawu onse. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere, kenako mupitirize. Mphindi 15 kapena 20 pa munthu mmodzi n'zokwanira. Ntchitoyi mupatseni mwana wa zaka 14 uja; ndi amene anabweretsa ganizo la mapodikasiti, ndiye akhale mkonzi wake.

Tibwere ku za mamega ndi zipangizo. Chilichonse mutsitsiretu muli pakhomo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo pa msewu uwu pali mitunda imene netiweki imazimiririka, makamaka m'malo otalikirana ndi matauni. Chigawo cha Mussacama chili pafupi ndi malire a ku Zóbuè, ndipo foni ina imalumphira ku netiweki ya tsidya lina n'kudya kredito, ndalama za mu foni. Zimitsani intaneti ya pa foni mukanyamuka. Ola limodzi la mawu limatenga mamega pakati pa 30 ndi 60, malinga ndi momwe analijambulira. Maola asanu ndi limodzi ndiye sapitirira mamega 400, ndipo mukagula mamega a usiku kapena kupeza Wi-Fi kuntchito, mtengo wake ndi wochepa.

Pulogalamu yotsitsira, pa Android ine ndimakonda AntennaPod: ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda zakezake, ndipo imalola kundandalika zigawo kuti zizitsatana zokha popanda wina kugwira foni. Pocket Casts nayo ndi yabwino. Spotify imagwira ntchito kuno kuyambira 2021 ndipo imalola kutsitsa mapodikasiti ngakhale osalipira, koma zimene mwatsitsazo zimakhala zotsekeredwa m'pulogalamumo, simungazikopere pa fulashi. Wina akakuuzani za Google Podcasts, dziwani kuti inatsekedwa mu 2024. Ngati wailesi ya galimoto yanu imangolandira fulashi, funani mafayilo a MP3, amene DW ndi BBC amalola kutsitsa pa masamba awo. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp ali mu mtundu wina umene mawailesi akale a m'galimoto sawerenga, choncho amenewo aziimbidwa kuchokera pa foni. Ngati mulibe Bluetooth, kachingwe ka aux kakukwanira. Ngati palibenso polowetsa kachingweko, gulani kachipangizo kolowetsa poyatsira fodya kamene kamatumiza mawu a foni ku FM ya galimoto. Kamapezeka m'misika ya Tete.

Tsiku limodzi musananyamuke, ikani foni pa chizindikiro cha ndege, chimene chimazimitsa netiweki ndi intaneti, mukhale m'galimoto injini ikulira, muyese chigawo chilichonse. Chimene sichikulira ndiye kuti sichinatsike. Muonenso ngati mawu akumveka kumpando wa m'mbuyo, kumene apongozi akhale, chifukwa zojambula zina zimamveka bwino m'chipinda koma zimamira m'phokoso la matayala. Ndipo foni isakhale padzuwa pansi pa galasi lakutsogolo. Kutentha kwa ku Tete miyezi imeneyi kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo foni imene ikuchajidwa ili padzuwa imatentha mpaka kudzizimitsa.

Ndikanakhala ine, ndikanayala chonchi. M'mawa potsika ku Angónia, pemphero ndi nyimbo, kenako nkhani za tsikulo. Kuyandikira Moatize, zimitsani zonse: pali mathiraki a malasha, njinga zamoto, anthu owoloka, ndipo liwiro m'matauni ndi makilomita 60 pa ola. Chimodzimodzi pamsika uliwonse wa m'mbali mwa msewu ndi pamene apolisi akuimitsani. Pa Zambezi pasalire kanthu. Asiyeni ana aone mtsinjewo, muwauze kuti mlatho wopachikika pa zingwewo, umene lero umatchedwa Samora Machel, unamangidwa nthawi ya atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kuti wachiwiri wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera azilambalala mzinda, ndi kuti madzi akuwaonawo adutsa kale pa damu la Cahora Bassa ku Songo. Mukatuluka mu Tete kulowera ku Changara mudutsa kufupi ndi Wiriyamu, kumene asilikali a atsamunda anapha anthu a m'midzi pa 16 Disembala 1972. Mwana wamkuluyo wafika msinkhu woti amve zimenezi kuchokera pakamwa pa bambo ake. Mtunda wautali wa masana uja ndiwo malo a sewero ndi nthano, poti zimadzutsa macheza ndipo macheza amathandiza woyendetsa. Mawu a akuluakulu a kumudzi aja asungireni chakumadzulo, mukuyandikira mapiri a Catandica, kunja kutayamba kuzizira. Mawa lake, kuchoka ku Chimoio, maola atatuwo ndi a Rute ndi zigawo zotsala za sewero.

Aliyense apatsidwe mpata wosankha kamodzi, ngakhale wa zaka 8, ndipo apongozi akanena kuti mutu wayamba kuwawa, zimitsani osafunsa kawiri.

Ku Beira, pemphani chilolezo kwa eni ukwati kuti mwana ajambule malangizo a ankhoswe ndi nyimbo za amayi, kuti mukhale ndi zomvera pobwerera ndi zokawapatsa amene anatsala. Mukafika kunyumba, mafayilo a okalamba aja muwakopere pa fulashi ina ndi pa foni ya mayi, ndipo pa lililonse mulembe dzina la wolankhula, mudzi wake ndi tsiku limene munajambula.